Makina a Madamu ndi Nsagwada za Ababa

M'nyumba ija ya ku Lusaka munali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachilemekeza: makina ogayira zakudya amene ankakhala pakona ya khitchini. Eni nyumbawo, Mulungu andikhululukire, ndikawakumbuka mpaka lero malovu amandiwawa m'kamwa.

Ndinachoka kwathu cha ku Nsadzo nkhondo itafika poipa. Anthu amfuti ankabwera awa lero, awo mawa, ndipo tinasiya kufunsa kuti ndi a mbali iti, chifukwa onse ankafuna mbuzi zomwezo. Mwamuna wanga anamutenga kuti akawasenzere katundu, sanabwerenso. Amayi anali atamwalira kale. Ababa, amene anali katekista wa kachalichi kathu, anakana kuthawa. Ankati nkhosa zikabalalika wina azitsala pakhola. Alongo anga a Armando anatsala nawo, osati chifukwa cha nkhosa ayi, koma chifukwa cha dimba la m'mbali mwa mtsinje, la nthochi ndi mizimbe. Ine ndinangomanga nsalu zanga za kapulana, n'kulambalala chipata cha pamalire cha Cassacatiza m'tinjira ta ogulitsa fodya mpaka ndinafika ku Katete. Kumeneko sisitere wina atamva kuti ndinaphikirapo apadiri ku mishoni, ananditumiza ku Lusaka kwa mayi wina amene ankafuna wophika.

Mayiyo anali munthu wakuda ngati ine ndemwe, kwawo kum'mawa konkuno. Chinyanja ankachidziwa bwino lomwe, koma ankachisunga ngati chisanza chokolopera, chotulutsira antchito basi. Tinkamutcha Madamu. Mwamuna wake ankangokhalira kukwera ndege, ndipo pa ulendo wina ndi pamene anabwera ndi makinawo.

Tsiku loyamba Madamu anandikokera kukona kuja.

"Iwe refuji, tabwera. Ichi ndi pulosesa. Kwanu kutchire kulibe. Ukachithyola, ngakhale ugulitse mudzi wako wonse sungachilipire."

Mudzi wanga unali utapsa kale, choncho ndinangoti, "Ndamva, Madamu."

Anandionetsa kamodzi, atagwira batani ndi nsonga ya chikhadabo ngati limaluma. Kuyambira pamenepo makinawo anakhala anga. Anali ndi mbale yoonekera mkati, mpeni wopindika umene unkazungulira pansi pake, ndi chivindikiro chokhala ndi kamlomo koponyerapo zinthu. Uponyemo anyezi, ukamaphethira wadulidwa kale, iwe osakhetsa msozi. Uponyemo nyama ya ng'ombe, adyo ndi tsabola, yasanduka yopangira samusa. Ukachotsa mpeni n'kuikamo chitsulo china chozungulira, kabichi ankatuluka wopyapyala ngati udzu wa chisa cha mbalame, karoti n'kupalika yekha. Buledi wouma ankakhala zinyenyeswa zokutira nsomba. Ufa wa tirigu ndi batala ankakanda okha. Mtedza wosakazinga ukangogunda pang'ono ndiye nsinjiro zimenezo, wokazinga ukausiya nthawi yaitali n'kukhala chiponde chosalala, choyenderera. Ine amene ndinakula ndi matuza a munsi m'manja, ndinganame bwanji kuti ndinadana nawo? M'nyumba monsemo, wogwira ntchito osadandaula komanso osanyoza munthu anali makinawo basi.

Kunja kunali a Zuze, osamalira maluwa. Kwawo kunali ku Zumbo, m'dziko lathu lomwelo, ndipo zala ziwiri anazisiya ku mgodi wa malasha kum'mwera. Ankanditcha mana, ndiye kuti mlongo m'kalankhulidwe ka kwathu, ine ndinkawatcha tiyu, ndiye kuti atsibweni. Masana tinkakhala patsinde pa mpeyala kuseri kwa nyumba, kupalira chiponde chotsalira m'mbale ya makina ndi zikhokho za buledi zimene ana a Madamu ankakana. A Zuze ankati makinawo ndiye mkazi wamkulu wa pakhomopo.

"Taona, mana, iyeyu amagona m'nyumba, amafunda nsalu yamaluwa, amamupukuta tsiku ndi tsiku. Iwe ndi ine ndani anatifunsapo ngati tili ndi bulangete?"

Madamu anali ndi kagulu kake ka amayi othandiza othawa nkhondo ya kwathu. Ankakumana pabalaza pake, onse onunkhira, ena azungu, ena amwenye, ambiri akazi a mabwana. Tsiku la msonkhano makina ankalira kuyambira m'mawa: samusa, timipira ta nyama, keke ya nthochi, kabichi wosakaniza ndi karoti, madzi a mango ndi papaya. Amayiwo ankadya, n'kumapukusa mitu chifukwa cha njala ya kwathu, kenako n'kuwonjezera samusa ina. Mbale zikayamba kuchepa, Madamu ankandiitana.

"Ima apa. Uwauze mmene anawotchera mudzi wanu."

Ndinkafotokoza m'Chinyanja, thireyi ili m'manja, iye n'kumamasulira m'Chingelezi. Ndinkadabwa kuti ine ndanena mawu ochepa koma iye akulankhula mpaka kugwira pachifuwa. A Zuze, amene ankamva Chingelezi ndipo ankadulira maluwa pansi pa zenera, ndi amene anandiuza.

"Akuti anakutola yekha pamsewu uli maliseche, ukudya mizu. Akuti sunkadziwa supuni."

Ine amene ndinaphikira bishopu nkhuku ya kokonati ku mishoni! Ndinaseka mpaka chiponde chinanditsamwa. Msonkhano wotsatira ndinawafotokozera mmene timabzalira mbatata, nkhope nditaigwetsa, ndipo mayi wina wachizungu analira.

Zimene ndinkapeza ndinkagula sopo, mchere, shuga ndi nsalu, n'kupatsira dalaivala wina wa lole amene ankafika ku Katete. Kuchoka kumeneko anthu a mpingo ankaziwolotsa. Yankho la a Armando linali limodzimodzi nthawi zonse: zafika koma zachepa, ulendo wina uikemo nsapato ndi mabatire a wailesi. Za ababa ankangoti ali bwino.

Tsiku lina masana a Zuze anandiitana kugeti. Dalaivala uja anali ataima ndi nkhalamba yoonda, yomanga nsanza kuchokera kuchibwano mpaka pamutu. Ndinawazindikira ndi korona imene inali m'khosi.

"Ababa!"

Anayesa kuyankha koma mawu ankatuluka ngati munthu wavumata madzi. Dalaivalayo ndiye anafotokoza. Anthu amfuti anafika pakachalichi n'kufuna kuti ababa atchule anyamata amene ankabisala kuphiri. Atakana, wina anawamenya ndi thako la mfuti pansagwada. A Armando anawasunga m'nyumba mpaka fupa linalumikizana lokha mokhota, kenako anawawolotsa malire n'kuwakweza lole. Uthenga wawo unali wakuti ku Lusaka kuli zipatala, ndiponso mlongo wawo akudya bwino kumeneko.

Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti tachedwa. Kutafuna sadzatafunanso. Azingomwa zamadzimadzi.

Ndinawalowetsa m'kachipinda kanga kuseri kwa garaja, osauza Madamu. Anali atakhala nthawi yaitali akumwa phala lamadzi lokhalokha, mikono ngati bango. Apa ndi pamene makina aja anandigwirira ntchito yeniyeni. Nyemba zophika ndinkazigaya ndi msuzi wake mpaka khungu lonse litasowa. Maungu ndi nsinjiro. Mbatata ndi mkaka. Gawo langa la nkhuku, ndikachotsa mafupa, ndinkaligaya ndi mpunga ndi tomato n'kukhala phala loti lidutse pampata wa mano. Chiwindi, masamba a chinangwa, nthochi zakupsa, mapeyala a mumtengo wathu uja, zonse zinkalowa. Tsiku limene anamva kukoma kwa nyama koyamba anatseka maso, misozi n'kutsikira munsanza ija. Pang'onopang'ono anayamba kukhala tsonga, kenako kutuluka kukaothera dzuwa kuseri kwa khoma. Mawu awo ndinawazolowera, ndinkamva zonse.

Kumeneko ndi kumene Madamu anawapeza, akupemphera korona. Ndinatuluka m'khitchini ndikupukuta manja, mumtima ndikuti ntchito yatha. Ndinagwada.

"Ndi ababa anga, Madamu. Anavulazidwa kwathu. Alibe kwina."

Madamu anawazungulira, akuwayang'ana ngati mbuzi ya pamsika. Ndinadikira kukalipa, koma maso ake anawala.

"Nsagwada imeneyi ndi ya nkhondo yeniyeni? Osati kugwa panjinga?"

"Ndi mfuti, Madamu."

"Amadya chiyani?"

Ndinaulula kuti ndimawagayira m'makina. Anaomba m'manja.

"Mu pulosesa yanga! Lachinayi kukubwera munthu wojambula zithunzi. Abwere pabalaza, amayi awaone."

Nditawauza ababa ndinati tichoke, tikapemphe malo kutchalitchi. Anakana.

"Mwana wanga, ndadya za m'nyumba mwake. Ukachotsedwa ntchito chifukwa cha manyazi anga, udzadya manyaziwo? Anandionapo anthu oipa kuposa amenewa."

Lachinayi a Zuze anawabwereka jekete lawo la kutchalitchi, ine ndinawameta ndevu. Madamu atawaona anakwinya nkhope.

"Jekete la chiyani? Akuoneka ngati kalaliki. Avale malaya amene anabwera nawo."

Ndinabweretsa malayawo. Ndinali nditawachapa n'kusoka pamene anang'ambika.

"Wasokeranji? Ndani anakuuza?"

Anatenga sizasi yekha n'kudula ulusi wanga, phewa la ababa n'kukhala pamtunda. Anafunanso nsanza ya kumutu ija, mwamwayi ndinali nditaiwotcha.

Makinawo anawanyamulira pabalaza, pa tebulo la galasi. Madamu anavala epuloni yoyera imene inali isanaonepo mafuta. Maungu, nyemba ndi nkhuku ndinali nditaphika ine, n'kuikamo ine, n'kutseka chivindikiro ine. Iye anangodina batani, amayi onse n'kuti, "Aaa!" Ababa anawakhazika pampando wa khitchini, poopa kuti angadetse sofa. Madamu anagwada pambali pawo ndi supuni. Ababa anayamba achita chizindikiro cha mtanda, monga ankachitira nthawi zonse asanadye, ndipo wojambula uja anati abwereze chifukwa sanagwire bwino. Anabwereza.

Munthu wa nsagwada yokhota amadyetsedwa cha kumbali, pang'onopang'ono. Madamu analowetsa supuni kutsogolo, yodzaza, maso ali kwa wojambula. Phala linatsikira pachibwano mpaka pachifuwa. Anatapanso lina. Ababa sanayang'ane munthu, anangoti maso pakhoma, kukamwa kuli kotsegula mmene akanathera. Munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse katekisimu, amene maukwati a anthu ankakonzekera pakhonde pake. Ine ndinali chiimire ndi thireyi ya samusa, ndipo mayi wina anandikodola kuti ndimupatse ina, maso ake ali mbwembwembwe ndi misozi.

Alendo atapita, Madamu anandiitana kukhitchini. Supuni ija ndi mbale yodyera anali ataziponya kale m'bini.

"Pulosesa uitsuke ndi mankhwala a m'chimbudzi, kawiri. Ndipo usadzagayiremonso zakudya zawo, ana anga amadyera momwemo. Loweruka achoke. Pano si pa kampu."

"Apite kuti, Madamu?"

"Si pali mabungwe? Ife tikuvutikira chiyani ndi misonkhano?"

Ndinawafotokozera a Zuze. Loweruka anawakweza ababa pakaliyala wa njinga yawo n'kupita nawo kukomboni kumene ankachita lendi kachipinda kamodzi ndi akazi awo. Anawapatsa bedi, iwo n'kumagona pamphasa. Kugaya ndinkagayabe, Madamu akapita kukakonzetsa tsitsi kapena akagona masana, ndipo sindinakalape kwa padiri aliyense chifukwa palibe cholapa pamenepo. Ndinkathira m'chitini cha mkaka, a Zuze n'kumangirira kunjinga poweruka. Lamulungu ndinkapita ndekha kukawadyetsa ababa. Tinkakhala pakhomo, madzi akuda akuyenda m'ngalande patsogolo pathu, iwo akundifunsa mayina a nyimbo zimene kwaya yaimba.

Ababa anatha dzinja limodzi. Dzinja lachiwiri chifuwa chinawagwira, ndipo anapita ndili pambali pawo. Anawaika anthu akwathu a m'kombonimo, a ku Angonia, a ku Zumbo, a ku Moatize, anthu amene sindinkawadziwa n'komwe. Amayi a mpingo anaimba njira yonse. Bokosi anakhoma a Zuze ndi zala zawo zotsalazo.

Madamu anandipatsa tsiku la maliro lokha, chifukwa m'mawa mwake kunali msonkhano. Ndili m'khitchini ndinamumva akulengeza, ndipo kenaka anabwereza m'Chinyanja mokweza kuti nanenso ndimve ubwino wake: "Mkulu wathu uja watisiya. Ndinamudyetsa ndi manja angawa." Ndinali nditaika nyama ya samusa m'makina. Ndinadina batani osachotsapo chala kuti ndisamve zotsatira. Nditasiya, nyama yonse inali phala. Ndinakulunga momwemo, ndipo anadya zonse.

Mtendere utabwera, kagulu kaja kanapeza anthu ena owalirira. Nditatsanzika, Madamu anaseka.

"Ukubwerera kutchire? Kuli magetsi kumeneko? Udzandikumbuka."

Pamenepo sananame. A Zuze anandiperekeza kokwerera basi. Iwo anati sabwerera, ku Zumbo kulibe amene angawadziwe. Anandipatsa mbewu za tomato atakulunga m'pepala, n'kuti, "Pita, mana, ukatiponderenso dothi."

Ulendo uno ndinadutsa pa Cassacatiza penipeni, pamsewu, masana. Kumudzi ndinapeza kachalichi kalibe denga, koma nyumba ya a Armando inali ndi chitseko chatsopano. Iwo anali atanenepa, ali ndi njinga, wailesi ndi mkazi wachiwiri. Alamu anga onse awiri anandilandira atavala nsalu zimene ndinasankha ndekha pamsika wa ku Lusaka. Anandipatsa moni m'maso muli pachikwama changa. Nditatsegula n'kuona kuti muli zovala zanga ndi mapoto basi, wamng'onoyo anafunsa ngati katundu wina akubwera pambuyo. Pamtsinje ankanditcha Mzambia, ndipo ankanong'onezana kuti mkazi wopanda mwamuna sangakhale zaka zonsezo m'tauni ndi kuphika kokha.

Posapita nthawi a Armando anaitanitsa abale, atsibweni athu ndi akuluakulu a mpingo, pansi pa mango. Anayamba ndi kulira. Anati mtima ukuwapweteka kuti bambo wawo anakwiriridwa kuchilendo ngati munthu wopanda ana, popanda mwana wamwamuna woponya dothi. Anati ine ndinawachititsa manyazi posabweretsa mtembo. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinkangoyang'ana nsapato za a Armando, zimene ndinkazidziwa bwino.

Atapukuta maso anafika pamene ankapita. Dimba lija lili pamalo a amayi, ndipo mwa mwambo wathu likanakhala langa, mwana wamkazi. Iwo anali atalima nthawi yonse ya nkhondo ndipo sankafuna kuchokamo.

"Mlongo wanga," anatero mofatsa, "iwe ndiwe unali nawo pomaliza. Uwauze anthuwa. Ababa sakanapita osasiya mawu. Ananena chiyani za ine ndi dimba lija?"

Atsibweni anandiyang'ana. "Lankhula, mwana wa mlongo wanga. Mawu a womwalira sabisa."

Ndinakonza kapulana yanga, n'kugwada bwinobwino monga mwa ulemu.

"Ababa analankhula zambiri, atsibweni, ngakhale kukamwa kunali kophwanyika. Ankatchula amayi. Ankatchula anyamata aja anakana kuwaulula, mmodzimmodzi, n'kumawapempherera. Ankatchula a Zuze, munthu wa ku Zumbo amene anawapatsa bedi lake. Ankafunsa ngati belu la pakachalichi lilipobe. Ngakhale mbuzi yawo yamawanga ija anaitchulapo."

"Nanga ine?" anatero a Armando.

"Inu sanakutchuleni, alongo. Kuyambira tsiku limene anatsika lole mpaka tsiku limene ndinawatseka maso. Ndinkadikira kuti mwina akutukwanani, koma ngakhale zimenezo ayi."

Mkazi wamkulu wa a Armando anayamba kutola timiyala pansi. Atsibweni anafunsa ngati ndikulifuna dimbalo, ndipo ndinati a Armando alisunge, nthochi zake ndingadye bwanji.

Ndinasamukira ku Chifunde, kumene ndimakazinga samusa pafupi ndi msika. Nyama ndimadula ndi mpeni, anyezi amandiliza ngati wina aliyense. A Armando amabwera kawirikawiri pa njinga kudzagulitsa mizimbe. Akafika pamene ndimakhala amatsika, n'kuyamba kuyang'anitsitsa tcheni cha njinga ngati chavuta, n'kukankha mpaka atandipitirira. Tchenicho chilibe vuto lililonse.